Mbiri ya Zambia ili pafupi, ana akaione

Mwana wa sekondale wa ku Lilayi mu Lusaka akamakonzekera mayeso a mbiri, amaloweza zaka ngati nyimbo: chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, chinatha mu 1963, ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964. Ayeneradi kuzidziwa zaka zimenezi. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amamaliza sukulu akuganiza kuti zonsezi zinachitikira kutali, chonsecho zinachitikira pakhomo pawo pomwe. Ngakhale koleji ya apolisi imene amaidutsa tsiku ndi tsiku inayamba m'nthawi ya atsamunda, kuphunzitsa apolisi a boma la Northern Rhodesia.

Minibasi ikhoza kumufikitsa mwanayo ku Chilenje, pa nyumba nambala 394, pomwe a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962 akutsogolera chipani cha UNIP. Ndi kanyumba kakang'ono, ka m'komboni, ndipo Land Rover imene ankayendera pokopa anthu ikadali pomwepo. Mwana akaima m'chipinda chopanikiza chija amamvetsa kuti olimbana ndi atsamunda anali anthu wamba, ngati makolo ake.

Ku Kabwata nako kuli phunziro. Tinyumba tozungulira tofolera udzu, momwe lero amagulitsiramo ziboliboli, tinamangidwira anthu akuda obwera kudzagwira ntchito m'tauni. Kachipinda kamodzi kokha. Atsamunda ankafuna mphamvu za mwamuna, koma mkazi ndi ana ankati atsale kumudzi. Mwana amene walowamo sangavutike kufotokoza pa mayeso chifukwa chake anthu anatopa ndi ulamuliro umenewo. Ku Chelstone nako kuli nyumba imene ankakhala a Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC cha ku South Africa, pamene chipanichi chinali ndi likulu lake mu Lusaka.

Tikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo ndalama za ulendo n'zosowa. Komatu pali njira ina yosalira ngwee. Agogo ambiri mumzinda muno anaima pamzere wa ufa dzuwa lili pamutu, anaona zipolowe za mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwera, ndipo anaponya voti pa 31 Okutobala 1991 pamene a Frederick Chiluba anapambana. Anthu amenewa akukalamba.

Aphunzitsi, patsani ana ntchito yokacheza ndi agogo awo, alembe zimene amva, kenako azifananize ndi za m'buku. Makolo, mwana akakufunsani za kale, zimitsani kaye TV mumuyankhe.