Utsi wa Kukhitchini kwa Agogo

Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipanathe miyezi iwiri, alandilodi athu ku Blantyre anatibweretsera kalata yokweza lendi. Usiku umenewo tinakhala pansi ndi cholembera, ndipo tinaona kuti tikalipira nyumba, fizi ya ana ndi thiransipoti, ya ufa siitsala. Ndiye tinayamba kuyang'ana kunja kwa tauni. Tinakapeza nyumba ku Bvumbwe, pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, kamtunda ndithu kuchokera pamsika. Lendi yake inali pafupifupi theka la imene tinkapereka, chonsecho nyumbayo ndi ya zipinda zitatu, kuseri kuli malo a dimba ndi mitengo iwiri ya mapeyala.

Ubwino wa malo otere sitikubisirani. Usiku timagona tulo tenitenti, popanda zimkuzamawu za kumabala. Mpiru, nkhwani ndi bonongwe timathyola kuseri, ndipo tomato ndi kabichi pamsika wa Bvumbwe mtengo wake ndi wa kumunda. Kuyenda wapansi kupita pa siteji ndi kubwerako kumatikwanira mphindi 150 pa mlungu zimene bungwe la World Health Organization limalimbikitsa munthu wamkulu, popanda kulipira jimu. Zovuta zake ziliponso: matope nthawi ya dzinja, kukatunga madzi kumjigo mipopi ikauma, ndi ndalama ya minibasi imene imadyako gawo la zomwe tapulumutsa pa lendi. Zonsezi tinaziwerengera tisanasamuke.

Chimene sitinawerengere ndi anthu amene tinawapeza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, n'chifukwa chake tinazolowera kuti kulikonse kumene tikukhala kumakhala phokoso la ana. Mu mzere wa nyumba zathu zinthu n'zosiyana. Kumanja kwathu kuli aphunzitsi opuma pantchito ndi akazi awo. Kutsogolo kuli bambo amene anagwira ntchito moyo wawo wonse ku esiteti ya tiyi. Kuseri, kungodutsa mpanda wa udzu, kuli agogo aakazi amasiye amene amakhala okha. Ana awo onsewa ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Johannesburg, ndipo amatumiza ndalama pafoni mwezi ukatha. Patapita nthawi tinazindikira kuti bata limene tinkalitamalo linabwera chifukwa chakuti achinyamata anachoka. Nayo lendi inali yotsika pa chifukwa chomwecho.

Ife tinafika ndi makhalidwe a m'tauni. Moni wa pamsewu tinkapereka, koma geti tinkatseka, ndipo za mnzathu sitinkalowerera. Agogo a kuseriwo ndi amene anayamba kutigwetsera mpanda umenewo. Ankaponya nthochi pamwamba pa udzu n'kuitana kuti, “Ana anga, apatseni adzukulu angawo.” M'mawa uliwonse, tikamakonzekera ulendo wa kuntchito, tinkaona utsi ukufuka kukhitchini kwawo, kenako n'kumva tsache pabwalo. Tinazolowera osadziwa kuti tazolowera.

Tsiku lina Lachitatu mu Juni, chiperoni chitakuta dera lonse, utsi uja sunafuke. Tinauona kusowa kwake, ndipo tinauzana pa tebulo kuti mwina agogo akuopa kuzizira. Wina wa ife anati tikagogode, wina anati si bwino kudzutsa munthu wamkulu. Ana anapita kusukulu, mmodzi wa ife anakwera minibasi. Cha m'ma 10 koloko, wotsala pakhomoyo ataona kuti nkhuku za agogo zikulirabe m'khola, anapita kukaodira. Sanayankhidwe. Aphunzitsi aja atabwera n'kukankha chitseko, anapeza agogo ali pansi pafupi ndi bedi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende, mawu osamveka.

Kenako panabwera vuto lachiwiri. Munthu wotero simungamukweze pa kabaza. Palibe mwa ife amene anali ndi nambala ya munthu wa galimoto, ndipo nambala ya mwana wa agogo inali mu foni yawo imene inali itazima. Ola lathunthu linatha tikuthamangathamanga. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mankhwala a BP agogo anali atasiya kumwa kwa miyezi ingapo, poti ankamva bwino m'thupi ndipo ulendo wokatenga ena unkawakulira. Anachira, ndipo lero amayenda ndi ndodo, koma dzanja lija silinabwerere mwakale. Maola anayi amene tinakhala tikulemekeza tulo ta munthu wamkulu amatiwawabe mumtima.

Tikulemba izi chifukwa mabanja ambiri a mumpingo akuganiza zotuluka m'tauni, ena kupita ku Lunzu kapena ku Mpemba, ena ku Nathenje kapena ku Lumbadzi. Ife tikuti pitani, koma dziwani kuti mukakhala pakati pa okalamba, miyendo ya mudziwo ndi inuyo. Maso ake ndi inunso. Zimene tinaphunzira mochedwa ndi izi.

Choyamba, dziwani zizindikiro za sitiroko, ndipo ana anu azidziwenso: nkhope kupotoka mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, ndi kulankhula kosamveka. Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti muone mmene kuchere. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala, chifukwa akhoza kutsamwa. Ngati akukomoka m'gonekeni chammbali, kumbukirani nthawi imene munamuona komaliza ali bwino, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Ola lililonse limene ladutsa, mbali ina ya ubongo imawonongeka.

Chachiwiri, kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka paliponse. Munthu akhoza kulima tsiku lonse BP yake ili pamwamba. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo maulendo angapo, pafunika kuonana ndi achipatala, ndipo amene anayamba mankhwala asasiye chifukwa choti akumva bwino. Ife mabanja asanu tinasonkherana n'kugula kamakina koyezera BP. Kamakhala kwa aphunzitsi, amene amalemba manambala a aliyense mu kope ngati mmene ankalembera rejisitala ya kalasi. Amene akupita kutauni amafunsa kaye ngati pali wofuna kuperekezedwa kukatenga mankhwala. Za mchere tinakambirananso: munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuphatikizapo wa m'ndiwo ndi wa m'zakudya zogula.

Chachitatu, konzani za galimoto matenda asanabwere. Pa khoma la nyumba iliyonse mu mzere wathu tsopano pali pepala la manambala: anthu awiri a galimoto, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amfumu, ndi mwana kapena mbale wa mwini nyumba. Tilinso ndi kathumba ka mafuta a galimoto, kamene aliyense amaponyamo kangachepe mwezi ukatha. Ana a agogo atamva za thumbali anayamba kutumizako nawo.

Chachinayi ndi cha miyezi yozizira ino. Ku Bvumbwe Juni ndi Julaye amaluma, ndipo okalamba amakonda kulowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha komanso suoneka. Bulangeti lowonjezera ndi mphatso yabwino kuposa thumba la makala. Taonaninso njira yopita kuchimbudzi: mwala woterera kapena chitsa pa njira imeneyo ndi zokwanira kuthyola chiuno cha munthu wa zaka 80, makamaka usiku wopanda tochi.

Tisakunamizeni kuti ife ndi amene timangopereka. Aphunzitsi amathandiza mwana wathu masamu madzulo. Bambo a ku esiteti aja anatiphunzitsa kudulira mapeyala ndi kupanga manyowa, moti chaka chino feteleza wa kudimba sitinagule. Tikachoka, nyumba yathu siikhala yopanda maso. Sabata masana, m'malo mogona, timakhala pa khonde la agogo, ana akumva za njala ya 1949 kuchokera kwa munthu amene anaiona ali kamtsikana. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo ife tinali tinyama m'nyumba ya geti lotseka.

Panopa m'nyumba mwathu muli lamulo limodzi losakambirana. Amene wayamba kudzuka amayang'ana kuseri. Utsi ukapanda kuoneka pofika 7 koloko, amadutsa pampata umene tinaboola pa mpanda uja n'kukaodira. Kawiri konse tawapeza agogo ali bwinobwino, atangogonereza, ndipo amatiseka kuti, “Mwabwera kudzaona ngati ndafa?” Timayankha kuti, “Ayi agogo, tabwera kudzapempha moto.” Iwo amadziwa kuti tili ndi machesi.

Inunso musadikire chiperoni. Mlungu uno, yang'anani nyumba zimene zakuzungulirani, muone kuti ndi iti imene mukukhala munthu wachikulire yekha, ndipo mukafunse nambala ya mwana wake.