Mboni Imodzi Siitha Mlandu wa Tizilombo ta Mayfly

Pali tizilombo tomwe timakulira m'mitsinje kwa miyezi yambiri, kenako n'kutuluka ndi mapiko kukakhala tsiku limodzi kapena awiri, osadya kanthu. Pachingerezi timatchedwa mayfly, ndipo mitundu yake imaposa 3,000. Si nkhungu za m'nyanja ya Malawi ayi. Zimenezo n'zachibale ndi udzudzu.

Akatswiri akhala akulimbana kuti mbale wake wa mayfly ndani. Ena amati ndi tombolombo, poti onse awiri satha kugoneka mapiko pamsana. Ena amati mayfly inapatuka kale payokha, chifukwa ndi yokhayo imene imafundulanso khungu itamera kale mapiko.

Masiku ano ambiri athamangira ku DNA ya mu mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo. M'tizilombo, DNA imeneyi ndi yaifupi: zilembo za m'ma 15,000 ndi majini 37, ndipo 13 mwa iwo ndi opanga mapuloteni. Kuiwerenga n'kosavuta komanso kotsika mtengo. Koma ine ndikuti ife ophunzira tisamaitenge ngati chigamulo.

Chifukwa choyamba n'chakuti DNA imeneyi imachokera kwa mayi yekha. Zili ngati kulondola mbumba ya kuchikazi n'kuiwala kuchimuna konse. Chachiwiri, mzere wa mayfly unapatuka zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, pomwe DNA ya mitochondria imasintha msanga. Chilembo chimodzi chikasintha kangapo, mapazi akale amafufutika, ndipo mitundu yotalikirana imayamba kufanana mwangozi. N'chifukwa chake kafukufuku wotere wakhala akupereka mayankho otsutsana. Mu 2014, gulu la Bernhard Misof linaunika majini 1,478 a m'kati mwa phata la selo, ndipo zotsatira zake mu magazini ya Science zinaika mayfly pamodzi ndi tombolombo. Ngakhale pamenepo mkangano sunatheretu.

Wina anganene kuti ndikupeputsa chida chabwino. Ayi. Posiyanitsa mitundu yoyandikana, jini ya COI imathandiza kwambiri. Zimenezi n'zofunika, chifukwa mitundu yambiri ya mayfly siipirira madzi oipa, ndipo njira ya SASS5 ya ku South Africa imaiwerenga poyeza thanzi la mitsinje.

Koma pa ubale wakalekale, majini 37 ndi mboni imodzi chabe. Tisanalembe kuti nkhani yatha, timve kaye umboni wa majini ena, maonekedwe a thupi ndi zotsalira za m'miyala. Ku bwalo, mfumu yanzeru siigamula itangomva munthu mmodzi.