Tisamangodikira Zoyezera Matenda Zochokera Kunja

Ife Amalawi okhala ku Embakasi timadziwa kuti dera lino ndi khomo la katundu. Kuno kuli bwalo la ndege la Jomo Kenyatta komanso nkhokwe yaikulu ya mankhwala ya bungwe la KEMSA. Mwa zina, m'nkhokwemo mumadutsa tizipangizo toyezera malungo, tonga timene zipatala za kwathu zinayamba kugwiritsa ntchito m'dziko lonse mu 2011. Tambiri timapangidwa ku India ndi ku Korea.

Kamzere kofiira kamene kamauza dokotala kuti mwana ali ndi malungo kamachokera ku tizidutswa ta golide tokutidwa ndi mapuloteni ogwira zizindikiro za tizilombo. Luso lonse lagona pa kakutidwe ka golideyo, ndipo sayansi yake yapita patali. Mu 1983, a Ralph Nuzzo ndi a David Allara a ku Bell Labs, ku America, anasonyeza kuti golide akaviikidwa m'mankhwala okhala ndi mamolekyu a sulufule, mamolekyuwo amadzindandalika okha pamwamba pake, mutu pansi mchira m'mwamba, mulingo umodzi basi. Akatswiri amautcha self-assembled monolayer. Kuchindikala kwake ndi nanomita imodzi kapena ziwiri, pamene milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000.

Kumchira kuja wofufuza amamangirirako chimene akufuna, monga puloteni yogwira kachilombo. Umu ndi mmene amapangira zoyezera zatsopano zozindikira matenda msanga. Nzeru yomweyi inathandiza akatswiri a ku Berlin mu 2020 kupanga sola yosandutsa 29 peresenti ya kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi.

Mfundo yanga ndi yakuti kafukufuku ameneyu sali kutali ndi ife. Chiyambi chake ndi kagalasi kopakidwa golide, mankhwala pang'ono, ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi kokwanira patebulo. Safuna nyumba ya mabiliyoni. Ophunzira a chemistry ku Zomba, kapena a ku MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, angathe kuuyamba atapeza zipangizo ndi aphunzitsi.

Abale ndi alongo, timasonkha mwachangu pakagwa maliro, ndipo n'koyenera. Tisonkhenso kuti wophunzira mmodzi wa kwathu adzaphunzire luso limeneli m'mayunivesite a kuno, kenaka abwerere kumudzi ndi zipangizo zake. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Tsiku limene ndege idzachedwe kapena opereka thandizo adzatope, mwana wotentha thupi ku Nsanje adzafunabe kuyezedwa.