WOCHI YA PA OKUSHONI: NYUNDO IKAGUNDA, MALONDA ATHA

Nyengo yogulitsa cimanga ikafika, alimi a ku Chalimbana, Kanakantapa ndi midzi yina ya m'boma la Chongwe amakwera basi kupita ku Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 45, kukagula zofunika pa nyumba. Ena mwa iwo amakafika pa okushoni, pamene katundu amagulitsidwa kwa munthu amene wachula mtengo woposa anzace. Malonda otere amacititsa ndi makampani, a Sheriff ogulitsa katundu wa angongole molamulidwa ndi khoti, ndiponso bungwe la misonkho la Zambia Revenue Authority. Pakati pa katunduyo nthawi zina pamapezeka mawochi akale.

Coyamba cimene mlimi ayenera kudziwa ndi lamulo. Lamulo la malonda la Sale of Goods Act la 1893, limene ligwira nchito m'Zambia, likuti malonda a pa okushoni amatha pamene nyundo yagunda. Nyundo isanagunde munthu angathe kubweza mau ace. Ikagunda, wochi ndi yace ndipo ayenera kulipira. Kawiri-kawiri katundu amagulitsidwa monga momwe aliri. Motero nchito yeni-yeni ya wogula iri pa nthawi yoonera katundu, malonda asanayambe.

Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Galasi lowala siliuza kanthu. Wochi yopukusa ndi zala iyenera kupukusidwa, kuikidwa kukhutu, ndi kuyerekezedwa ndi nthawi ya pa foni kwa kanthawi. Nthunzi kunsi kwa galasi isonyeza kuti madzi analowa, ndipo dzimbiri lingakhale litayamba kudya makina. Mau akuti "17 jewels" asanyenge munthu: timiyala timeneti n'topangidwa m'fakitale kuti zitsulo zisaperepeseke msanga, si cuma ai. Mawochi a batire a mtundu wa quartz, amene anayamba ndi Seiko Astron ya ku Japan m'caka ca 1969, amaonongeka ngati batire lakale laukhira m'kati.

Mbiri ya ndalama zambiri ndiyo imasokoneza mitu. N'zoona kuti m'caka ca 2017 wochi ya Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu, inagulidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola 17.8 miliyoni. Koma inali wochi imodzi, ya munthu wochuka, ndipo mbiri yace inali yodziwika bwino. Mawochi abodza olembedwa Rolex kapena Omega ndi ambiri-mbiri, ndipo wowazindikira ndi mmisiri wokonza mawochi amene watsegula kumbuyo. Safunsa anadya phula.

Mlimi wanzeru amadula mtengo wace ali ku nyumba, atapatula kale ndalama za feteleza, mbeu ndi za ana a sukulu. Amafunsanso ngati pali ndalama yoonjezera ya wogulitsa pamwamba pa mtengo. Anzace akapyola malire amene iye anaika, amatsitsa dzanja mopanda manyazi.

Potsiriza, lisiti lisungidwe bwino. Kulandira katundu amene munthu adziwa, kapena ali ndi cifukwa coganizira, kuti ngwakuba ndi mlandu wopita nawo ku ndende. Wochi yonong'onezedwa kunja kwa cipata pa mtengo wotsika modabwitsa ndi yofunika kuisiya, cifukwa apolisi akafunsa, lisiti ndilo mboni ya wogula.