Yankho Lathu kwa Akulu a Nchito: Tisankhiranji Debian?

Abale, m'kompyuta iri yonse muli pulogalamu yaikulu yokhala ngati kapitao, yolamulira zina zonse. Ena mwa akapitao otere ali a mtundu wa Linux, umene malembo ace a m'kati ali poyera, kotero kuti munthu ali yense akhoza kuwawerenga, kuwakonza, ndi kugawirako mnzace. Koma mtunduwu uli ndi mabanja ambiri. Ndipo ife osunga makompyuta tikasankha banja la Debian, akulu a nchito atidzudzula, nati, Mwatengeranji cinthu copanda mwini? Sankhani ca kampani, kuti tsiku la tsoka tidziwe womgwira.

Mau awa amveka anzeru, koma taonani cimene cinagwera iwo amene anadalira CentOS. Iyo inali yaulere, ndiponso inali m'manja mwa kampani ya Red Hat. Anthu anaika CentOS 8 m'makina ao, atauzidwa kuti idzasamalidwa kufikira caka ca 2029. Koma m'Disembala 2020 eni ace anatembenuza mau, nati cisamaliro cidzatha pakutha pa 2021. Zaka zisanu ndi zitatu zinacotsedwa tsiku limodzi, ndipo ambiri anasamuka mothamanga ngati anthu a nyumba yopsa. Mwini analipo ndithu; nanga anamgwira ndani?

Debian anaiyamba Ian Murdock m'caka ca 1993. Aisamala ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri, amene asankha mtsogoleri wao caka ndi caka, ndipo m'1997 analemba pangano lakuti idzakhala yaufulu nthawi zonse. Palibe munthu mmodzi angathe kuigulitsa. Yatsopano ituruka patapita zaka ngati ziwiri, itayesedwa miyezi yambiri, ndipo ilandira zigamba zoletsa akuba kwa zaka ngati zisanu.

Tibvomera kuti Debian iribe ofesi yokadandaulako, ndi kuti mapulogalamu ace sakhala atsopanotsopano. Koma pa nchito ya kusunga mabuku a ndalama ndi maina a odwala tifuna ng'ombe yozolowera goli. Ndipo ndalama zimene mukadapereka kwa kampani, phunzitsani nazo anthu anu awiri kapena atatu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Cifukwa cace, akulu inu, musatifunse dzina la mwini lokha. Funsani kuti, Cinthuci cidzasamalidwa kufikira liti, ndipo ali ndi mphamvu ya kuswa lonjezolo ndani?