Tulo nato ndi ufulu: Mangochi ikonze malamulo a phokoso

Aliyense amene wagonapo m'tauni ya Mangochi, ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear usiku wa Lachisanu ndi Loweruka akudziwa zimene tikunena. Dzuwa likangolowa, zimkuzamawu zimatulutsidwa pakhonde. Bala iyi ikuliza zake, botolositolo yoyandikana nayo ikuliza zake, naye wa nyumba ya kanema wakweza kuti asagonje. Pofika pakati pa usiku sungadziwenso kuti ikulira ndi nyimbo yanji. Chimene umangomva ndi kugunda m'chifuwa ndi kunjenjemera kwa malata. Magetsi akazima, jenereta imadzutsidwa, phokoso n'kuwirikiza.

Wina anganene kuti m'dziko limene anthu akulimbana ndi njala ndi kukwera mitengo kwa zinthu, nkhani ya phokoso ndi yaing'ono. Ife a nyuzipepala ino sitikuvomereza. Kafunseni mwana wa Fomu 4 amene akuwerengera mayeso a MSCE m'nyumba yoyang'anizana ndi bala. Kafunseni mayi amene akudwazika matenda, kapena amene ali ndi khanda. Kafunseni msodzi wa usipa amene wachezera ndi nyali panyanja, wabwera m'mawa kuti aponyeko mutu, n'kupeza shopu ya mafoni yayamba kale kuliza nyimbo. Kafunseni Msilamu amene m'mwezi wa Ramadan ayenera kudzuka mbandakucha kuti adye daku. Ndipo musawauze kuti atseke mawindo. Amene akudziwa kutentha kwa Mangochi m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko ndi kumupatsa munthu chilango chachiwiri.

Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo. Phokoso amaliyeza ndi muyezo wotchedwa madesibelo, ndipo anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso lisapitirire madesibelo 30 usiku, ndipo kunja kwa windo lisapitirire 45. Mu 2022 bungwe lomweli linanena kuti m'malo azisangalalo nyimbo zisapitirire madesibelo 100, ndipo linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa chiopsezo choonongeka makutu. Choncho woyamba kuvulala ndi mtsikana wogulitsa mowa amene amaima pafupi ndi chimkuzamawu usiku wonse, sabata ndi sabata. Makutu akafa sadzukanso, ndipo kusagona kwa nthawi yaitali kumathandizira matenda a kuthamanga kwa magazi.

Koma ukapita kukadandaula, yankho limene umalandira ndi lodziwika: "Ino ndi demokalase, aliyense ali ndi ufulu." Apa mpamene tikufuna tilankhulane bwino, Amalawi anzathu, chifukwa mawu amenewa tinawagula ndi mtengo wapatali.

Sitinaiwale kumene tikuchokera. M'nthawi ya chipani chimodzi, lamulo la 1968 linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zosankhira anthu buku loti awerenge, kanema woti aonere ndi nyimbo yoti amvere. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa, kamba koti dzinalo linafanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira. Munthu sunkaloledwa kulowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Inu amene munathawira ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London, n'kubwerera kwanu pambuyo pa chikhululukiro cha 1993, mukudziwa bwino kuposa ife tonse tanthauzo la kutsekedwa pakamwa. Pamene Amalawi anasankha matipate pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anakana moyo umenewo. Choncho wina asatinamizire. Sitikupempha kuti aliyense aletsedwe nyimbo. Woimba aimbe zimene akufuna, wovina avine mpaka thukuta. Nkhani yathu ndi ya kukweza kwake ndi nthawi yake basi.

Chimene tinkadana nacho m'masiku amenewo ndi kukakamizidwa. Mayufi ankatitengera ku msonkhano tisakufuna, kuti tikamve zimene sitinasankhe. Nanga munthu amene akulowetsa nyimbo zake m'chipinda cha mnzake 2 koloko usiku, mwini chipinda asanamuitane, akusiyana pati ndi ameneyo? Mphamvu zake sazitenga ku chipani, amazitenga ku chimkuzamawu, koma wovutika ndi yemweyo: munthu wamba wopanda pothawira.

Malamulo aakulu a dziko lino amene tinayamba kuwatsata mu 1994 anaiona kale nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Gawo 29 limapatsa aliyense ufulu wochita bizinesi ndi kupeza zosowa zake paliponse m'Malawi. Gawo 35 limateteza ufulu wolankhula zakukhosi. Koma gawo 13 limalamulanso boma kusamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito m'malo abwino pa umoyo wawo. Ndipo gawo 44 limalola kuti ufulu uikidwe malire, pokhapokha malirewo atakhala olembedwa m'lamulo, osapyola muyezo, okhudza aliyense mofanana ndiponso oyenera m'dziko la demokalase. Imeneyi ndiye njira. Si ukali wa wapolisi, si mawu a bwana wa ku ofesi, koma lamulo lolembedwa limene aliyense angaliwerenge.

Zida zogwirira ntchitoyi zilipo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'dera lawo. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga umoyo. Kusowetsa anthu mtendere ndi mlandu m'malamulo a milandu. Kuonjezera apo, ndi khonsolo imene imapereka ziphaso zogulitsira mowa, ndipo wopereka chiphaso ali ndi mphamvu yonena zoyenera kutsata. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, kuyambira 2005 mpaka 2014, dziko lino linalibe makhansala, ndipo makhonsolo anali ndi ponamizira. Lero chonamizira chimenecho palibe. Makhansala tinawasankha pa 16 Sepitembala 2025, ndipo ntchito yawo si kupita kumaliro kokha ndi kulandira maalawansi.

Tikupempha makhonsolo onse awiri a ku Mangochi, ya boma ndi ya m'tauni, kuti akhale pansi ndi eni mabala ndi malo ogona alendo, mafumu, mashehe, abusa, aphunzitsi, asodzi ndi apolisi, agwirizane malamulo omveka. Choyamba, nthawi idziwike. Ife tikuganiza kuti m'kati mwa sabata nyimbo zapanja zizitha 10 koloko usiku, Lachisanu ndi Loweruka pakati pa usiku, ndipo ofuna kupitiriza alowe m'nyumba yotchinga bwino. Chachiwiri, pakhale muyezo. Khonsolo igule makina oyezera phokoso, ndipo poyeza aziima pakhomo la wodandaula, kuti mlandu usamaweruzidwe ndi khutu la munthu amene mwina walandira kangachepe. Chachitatu, malo ozungulira zipatala ndi sukulu atetezedwe mwapadera, makamaka m'nyengo ya mayeso. Chachinayi, chilango chiziyenda pang'onopang'ono: chenjezo lolembedwa, kenako chindapusa chokhala ndi lisiti, ndipo wosamva ndithu alandidwe chiphaso kwa kanthawi, koma atapatsidwa mpata wonena mbali yake. Chachisanu, zikondwerero zikhale ndi chilolezo chake. Ukwati, kutuluka kwa anamwali a jando ndi nsondo, kapena phwando lalikulu la nyimbo ngati la Lake of Stars limene lachitikirapo kangapo ku Nkopola, ndi zinthu za kamodzi pa nthawi, ndipo anthu akauzidwiratu amapirira. Chimene chimatopetsa ndi phwando la tsiku ndi tsiku lopanda wakuitana.

Malamulo amenewa alembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, amatidwe m'misika ndi pa maofesi a mafumu, awerengedwenso pa mawailesi a m'deralo. Lamulo lotsekeredwa m'kabati ya ku ofesi limapindulira wofuna ziphuphu yekha.

Apa tiyenera kuchenjeza. Lamulo la phokoso likagwera m'manja olakwika limasanduka chikwapu. Ku Rwanda mu 2018 akuluakulu anatseka matchalitchi pafupifupi 700 mumzinda wa Kigali ponena za nyumba zosalimba ndi phokoso, ndipo m'dera lina la mzindawo mizikiti inaletsedwa kugwiritsa ntchito zimkuzamawu poitanira anthu ku mapemphero. Ku Mangochi, kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, njira imeneyo ingabale chidani chosaneneka. Kuitanira anthu ku swala ndi kulira kwa belu la tchalitchi ndi za mphindi zochepa, ndipo zisasokonezedwe. Koma mapemphero ochezera usiku wonse pa zimkuzamawu, kaya ndi a chipembedzo chiti, atsate muyezo umodzimodzi ndi bala. Chimodzimodzinso galimoto za zipani zolengeza misonkhano, ndi malo ogona alendo a anthu otchuka. Lamulo likagwira wa kanema wa ku M'baluku n'kulambalala hotela ya bwana ya m'mbali mwa nyanja, limenelo si lamulo, ndi tsankho.

Apolisi nawo akumbukire chigamulo cha Khoti Lalikulu cha mu Januwale 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, chimene chinathetsa gawo la lamulo la vakabu limene linkagwiritsidwa ntchito posesa anthu osauka usiku. Kuthana ndi phokoso kusakhale khomo lobwezeretsera zimenezo. Mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atavuta, boma linalamula kuti malo omwera mowa azitseka 8 koloko usiku. Tinaona kuti nthawi ikalengezedwa momveka anthu ambiri amaitsata. Tinaonanso kuti sipafunika chibonga kuti munthu amve.

Kwa inu eni mabizinesi, sitikufuna kukuphwanyirani mphika. Tikudziwa kuti mumalemba anthu ntchito ndipo mumalipira misonkho. Koma taganizani bwino. Chuma cha Mangochi ndi nyanja. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse. Mlendo wochokera ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja amabwera kudzapuma. Usiku phokoso limayenda kutali pamadzi, choncho bala imodzi ikhoza kusowetsa tulo gombe lonse. Mlendo amene sanagone sabweranso, ndipo amakauza anzake. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Kutembenuzira zimkuzamawu m'kati, kuzitsitsa pamwamba pa denga ndi kumanga mpanda wa njerwa sikungakugwetseni bizinesi.

Kwa inu okhala m'makomo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kung'ung'udza pamkeka sikuthandiza, ndipo kugenda malata a mnzanu ndi mlandu. Yambani mwalankhula naye mwini malo masana, mitu ili yozizira. Zikakanika, pitani kwa amfumu ndi kwa khansala wanu. Lembani kalata ku khonsolo, musainire ambiri, mutchule masiku ndi nthawi, ndipo musunge kope lanu. Kuyambira mu Sepitembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito, choncho muli ndi mphamvu yofunsa kuti muone malamulo a khonsolo ndi zimene zinalembedwa pa chiphaso cha bala yoyandikana nanu. Mutu umodzi susenza denga, koma makomo makumi awiri akalankhulira pamodzi khansala amatchera khutu, chifukwa amadziwa kumene mavoti amachokera.

Demokalase imayesedwa pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi: ngati anthu oyandikana angathe kugwirizana lamulo, kulilemba, ndi kulitsata popanda wina kuopsezedwa. Mangochi inaima nawo pa mzere mu 1993 kufuna ufulu. Tsopano makhansala ake aonetse dziko kuti woimba ndi wogona akhoza kukhala m'mudzi umodzi.