Uvolontiya ku Mangochi: khomo la ntchito kapena kungotha nsapato?

Sabata yatha mng'ono wanga wa kwa Mponda ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, bungwe lina likufuna mavolontiya. Ndipite kapena ndizingopalasa kabaza wangayu?" Ndinachedwa kumuyankha. Akanandifunsa mu 2022 ndikanangoti thamanga. Lero nkhaniyi yafika povuta.

Ine njira imeneyi ndinadutsamo. Covid-19 itafika mu 2020 alendo anasiya kubwera kunyanja, ndipo ambiri amene tinkagwira ntchito m'malo ogona alendo, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, tinauzidwa kuti tikadikire kunyumba. Ine kudikirako kunatha zaka ziwiri. Kenako kunabuka kolera ija inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Ndinalembetsa ku bungwe lina ngati wodzipereka. Tinkathira klorini m'zidebe pamijigo ndi pamadoko, kuyenda khomo ndi khomo, kulemba chiwerengero cha mabanja. Malipiro kunalibe. Tisheti basi, ndi ka alawansi ka nkhomaliro tsiku la maphunziro.

Tinene chilungamo, chimene chinadzandipezetsa ntchito si mtima wabwino ayi. Mlangizi wa zaumoyo wina amene ndinkayenda naye anandiphunzitsa kulemba mayankho a kafukufuku pafoni, pa KoboCollect. Namondwe wa Freddy atawononga chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, mabungwe ankafuna anthu otolera mfundo m'midzi mwachangu. Nthawi yoika zotsatsa m'nyuzipepala inalibe, anangoitana anthu amene ankawadziwa kale. Ganyu wa masabata atatu anabala kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Ndi mmene zimayendera: olemba ntchito amafuna munthu amene wina angamuikire umboni kuti amafika pa nthawi yake komanso sanama pa fomu. Satifiketi ya MSCE payokha siinena zimenezo, ndiye mabwana amafunsana okhaokha pafoni.

Koma onani zimene zachitika kuchokera nthawi imeneyo. Pa 20 Januwale 2025 Donald Trump anaimitsa thandizo la America ku mayiko akunja, ndipo pofika Julaye bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mapulojekiti ambiri a zaumoyo kuno kwathu ankadalira ndalama zimenezo. Amene anali pa malipiro anabwerera kunyumba, ena a madigiri awo, ena atagwira zaka khumi. Lero anthu omwewo ndi amene akufunsanso malo a uvolontiya kuti CV isaoneke kuti inaima. Ndiye iwe wa MSCE ukuima nawo pamzere umodzi, pamene mipando yolipidwa kutsogoloko yachepa. Pulogalamu ya boma yotumiza achinyamata kukaphunzira ntchito m'maofesi, ija inayamba mu 2018, nayo ndi ya omaliza ku koleji. Wa Fomu 4 mulibe.

Pali chinanso chimene sitikonda kunena. Kugwira ntchito yaulere kumafuna ndalama. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo chilichonse chinakwera. Akakuuza kuti mawa tikakumane ku Namwera kapena ku Makanjira, thiransipoti ndi yako, bando ndi yako, sopo wochapira tisheti ija ndi wako. Amene angakwanitse miyezi isanu ya zotere ndi amene akafika kunyumba amapeza nsima yaphikidwa. Mtsikana amene ali ndi mwana kumbuyo, kapena mnyamata amene banja lonse limadikira zimene wapeza ku doko, sangathe. Nchifukwa chake sindiseka anyamata amene amasankha kukwera basi ya ku Joni. Amawerengetsa ndithu.

Ndipo mabungwe ena, sinditchula maina, anazolowera. Ntchito imene imafunika munthu wolembedwa amaipatsa volontiya, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kumamuuza kuti "ndalama zikabwera tiyambira inu". Mnzanga wina anamva mawu amenewa zaka zinayi. Malo atapezeka analemba munthu wochokera ku Blantyre. Iye atapempha kalata yoti anagwirapo ntchito, amene ankamuyang'anira anali atasamuka, ndipo otsalawo anati dzina lake silikupezeka m'mabuku. Zaka zinayi, abale, popanda ngakhale pepala limodzi. Nanga pa intaviyu akaonetsa tisheti?

Sindikunyoza kudzipereka. Pa nthawi ya kolera mavolontiya a Red Cross ndi a m'midzi anapulumutsa miyoyo, ndipo ambiri a iwo sankayembekezera ntchito. Koma ngati ukupita ndi cholinga chopeza ntchito, nena poyera tsiku loyamba lomwelo, usachite manyazi.

Mng'ono wangayo ndinamuuza kuti apite, koma njinga asaisiye. Azipalasa m'mamawa ana akamapita kusukulu ndi madzulo, bungwe alipatse masiku awiri pa sabata. Afunse kuti adzaphunzira chiyani chogwirika, kaya kompyuta, kaya kulemba malipoti, osati kungonyamula mipando pa misonkhano. Dzina lake lilembedwe m'buku iye akuona, ndipo agwirizane tsiku lodzalandira kalata yokhala ndi chidindo. Boma likamalemba alangizi a zaumoyo limafuna MSCE, imene iye ali nayo, ndiye kalata yotero ingamuthandize.

Anapita Lachiwiri. Akuti amulonjeza kalata pakatha miyezi itatu. Ndamufunsa ngati lonjezolo alilemba papepala, ndipo uthenga wanga wauwerenga koma sanayankhebe.